Pikapu Yogogoda ndi Phazi la Mayi

Ndinanyamuka pa Ngabu Lachiwiri m'mawa, mwezi wa Julaye, chiperoni chitakuta mapiri a ku Thyolo. Anthu a kumtunda amatiseka tikanena kuti kuchigwa kuno kwazizira, koma tsiku limenelo ngakhale a kabaza anali m'majekete, manja atapisa m'khwapa, akudikira okwera pansi pa mtengo wa nimu.

Ine ndine Felista, ndimagulitsa mpunga ndi nsomba zouma mumsika wa pa Ngabu. Galimoto yanga ndi pikapu yoyera yakalekale imene anandisiyira malemu amuna anga, omwe anali dalaivala ku esiteti ya nzimbe. Anandiphunzitsa kuyendetsa, kusintha tayala ndi kuona oyilo pa kachitsulo koviika kaja. Za m'kati mwa injini sitinafikeko, imfa inatidulira.

Ulendowu unali wokatenga mayi anga kwathu kwa Nyachikadza ndi kupita nawo kuchipatala chachikulu ku Blantyre. Mayi amadwala shuga. Anabayidwa ndi chitsa kudimba, bala n'kukana kupola. Adokotala a pa boma la Nsanje atawauza kuti phazilo likufunika ku Blantyre, wina pamzere anawanong'oneza kuti kumeneko amadula miyendo. Mayi sanadikirenso mankhwala. Anatsikira kudoko n'kuwoloka kubwerera kumudzi, ndipo kwa milungu ingapo palibe anawasuntha, dimba lawo likulimidwa ndi a kwa malume athu. Kenaka mlongo wanga wamng'ono Alufandika, amene ndi msodzi, anandiimbira foni.

"Achemwali, zala zayamba kuda. Avomera kupita, koma akuti ambulansi sakwera. Akuti akwera galimoto ya mkamwini wawo basi, ndipo woyendetsa mukhale inuyo."

Nditapotoza kiyi m'mawa umenewo, injini inalira monga mwa masiku onse, koma pansi pa kulirako panamveka china. Gu! Gu! Gu! Gu! Ngati wina akusinja mumtondo kuseri kwa nyumba. Kanyali kofiira ka oyilo kanakhala chiyakire. Kenaka kanazima, kugogodako n'kutha nthawi yomweyo, ngati sikunachitike. Phokosoli ndinali nditalimvako masiku angapo m'mbuyomo, koma linali laling'ono, loti munthu ukhoza kulinamizira chitseko. Tsiku limeneli linamveka mpaka kumsewu. Wa kabaza wina anatembenuka.

"Mayi, imeneyo inoka."

Kwa inu amene simunakhalepo ndi galimoto, kunoka ndiyo imfa ya injini. Zitsulo zimalumana m'katimo, nthawi zina china chimaboola m'mbali n'kusuzumira kunja, galimoto n'kuima pomwepo, kaya ndi pamlatho kaya ndi pakati pa thengo. Ndinatsegula boneti n'kuona oyilo. Anali wodzaza bwinobwino. Ndinayala matiresi kumbuyo, ndinachita chizindikiro cha mtanda, n'kulowera kummwera.

Msewu wa ku Nsanje ndi wathyathyathya ngati lichero, koma eni ake ndi mbuzi. Zimagona pa phula chifukwa pamafunda, ndipo hutala sizimudziwa. Pa Sorgin panali milu ya thonje, alimi atakhala pa mabelo awo kudikira ogula. Kupitirira apo tinatsikira mumtsinje wouma, pamene mlatho unapita ndi madzi, ndipo ndinayenda giya yoyamba khutu langa lonse lili pansi pa mapazi anga. Injini inali chete. Kukhala chete kwakeko ndiko kunkandiopsa. Bola galu wouwa, amene umadziwa pomwe ali.

Pa Bangula ndinaima kuthira mafuta ndi kumwa tiyi. Ndinalakwa kufotokoza nkhani yanga m'tiyirumu, chifukwa aliyense anasanduka makaniko. Bambo wina wogula ng'ombe anati ndi petulo wosakaniza ndi palafini. Mnzake anati ndithiremo oyilo wolemera wa m'mathirakitala. Mayi wophika tiyi anandiika mandasi patsogolo n'kunena motsitsa mawu:

"Galimoto ya malemu ikamagogoda m'mawa, nthawi zina ndi mwini wake. Munapitako liti kumanda?"

Onse anaseka, inenso ndinaseka, koma mandasi aja sanatsike bwino. Pobwerera ku galimoto ndinaima kaye, kiyi ali m'manja. Nditayatsa, sinagogode ngakhale kamodzi. Amakaniko onse a m'tiyirumu, amene anali atatuluka kudzamvera, anabwerera m'kati okhumudwa.

Ndinadutsa Phokera ndi Tengani n'kufika pa boma la Nsanje dzuwa lili pamutu. Ndinatsikira kudoko komwe amakocheza anthu a kwathu, ndinaika galimoto pamthunzi, n'kuyamba kudikira. Kwa Nyachikadza kulibe msewu. Kumeneko n'kwa mabango, matope ndi timipata ta madzi tomwe amadziwa ndi opalasa okha. Mphepo ya chiperoni inali itadzutsa mafunde pa Shire, ndipo asodzi ankanena za mvuu yokhala ndi mwana imene inali itatseka mpata wina kuyambira sabata yapitayo. Foni ya Alufandika sinkapezeka. Ndinagula mbatata yootcha, ndinaidya theka, theka n'kuiwala pa boneti mpaka khwangwala anadzaitenga.

Bwato linatulukira m'mabango dzuwa litapendeka kwambiri. Mayi anali atagonekedwa pa mphasa pakati, phazi litakulungidwa m'chitenje n'kusanjikidwa pa mtolo wa zovala. Fungo linandipeza bwato lisanagunde gombe. Anali ataonda, maso atalowa, koma pakamwa panali pomwepaja.

"Wanenepa, mwananga," anatero. "Mpunga ukugulitsa kapena ukudya wekha?"

Alufandika ndi wopalasa anawanyamula n'kuwagoneka pa matiresi. Kutsogolo sakanakhala, chifukwa phazi likalendewera pansi ankakuwa ndi ululu. Ndinalowa n'kupotoza kiyi. Galimoto inali itaima masana onse pamphepo ya kumtsinje, ndipo ulendo uno sinasinje mumtondo, inamenya ndi nyundo. GU! GU! GU! GU! Chiwongolero chinkanjenjemera m'manja mwanga. Kanyali kofiira kanandiyang'ana nthawi yaitali kuposa m'mawa muja. Amayi ogulitsa nsomba za makakana anadzuka n'kusendera kutali ndi mabeseni awo. Phokosolo litatha ndinamva mawu a mayi kumbuyo, m'Chisena chawo:

"Ndi ninji?"

"Palibe, mayi. Yazizidwa chabe."

Tinapita kaye kuchipatala cha pa boma. Namwino anatsuka bala, ine nditatembenukira kukhoma. Anatipatsa mapiritsi a shuga ndi chikalata chopita nacho ku Blantyre, n'kundikokera pambali.

"Mawa lisalowe dzuwa muli kuno. Ndiponso mapiritsiwa asamwe ndi njala. Mukaona akutuluka thukuta lozizira, akuyankhula zosamveka, dziwani kuti shuga watsika. Muwapatse chotsekemera msanga."

Tinakagona kwa msuweni wathu wa pa boma pomwepo. Iye atamva nkhani ya galimoto anakaitana a Zuze, bambo amene amakonza zigayo, injini za maboti ndi galimoto zomwe zatsala pang'ono kukhala makola a nkhuku. Anabwera kusanade, munthu wamfupi wa imvi, wopendeketsa mutu poyankhula. Anaika dzanja pa boneti n'kulichotsa.

"Yatentha iyi. Injini yotentha sinena zoona. Ndibwera m'mawa. Musaiyatse, mayi, ngakhale mutalota ikukuitanani."

"Bambo, ife tikufuna kunyamuka mbandakucha. Tili ndi wodwala."

"Mwati chiyani? Yankhulirani mbali iyi. Khutu ilo linafera m'chigayo."

Ndinawabwerezera kukhutu lamoyo. Mumtima ndinkati, ndiye moyo wa mayi anga ndaupereka kwa makaniko wogontha. A Zuze anati wodwala ali pa boma ali bwino kusiyana ndi wodwala ali m'mbali mwa msewu pakati pa Tengani ndi Phokera. Tulo sindinatione kwenikweni.

Kutangoyera a Zuze anafika pa njinga, thumba la masipanala lili pa keliyala. Sanapemphe kiyi. Anayamba ndi mafunso.

"Oyilo munasintha liti?"

"Mwezi wathawu, kwa bambo wina wokonzera m'mbali mwa msewu."

"Fyuluta?"

"Anasinthanso."

"Kugogodaku kunayamba musanasinthe kapena mutasintha?"

Ndinaganiza kaye. "Titasintha."

Anagona chagada pa thumba, anamasula fyuluta, kachitini kosefa oyilo kaja, n'kutuluka nayo. Anaizondotsa pamaso panga. Munangotuluka timadontho.

"Mwaona? Fyuluta yabwino imakhala ndi kamphira m'kati, kotsekera oyilo kuti asathawire pansi galimoto ikagona. Iyi ikumutaya yense. Ndiye m'mawa injini imayamba kuzungulira youma, chitsulo pa chitsulo, mpaka pampu itakwezanso oyilo. Ndi chifukwa chake mukaima pang'ono siyankhula, koma ikagona imalira."

Mtima unayamba kutsika. "Ndiye vuto ndi lomweli basi?"

"Ili ndi lomwe layambitsa. Chomwe sitikudziwa n'chakuti laononga zingati."

Anabwezera fyuluta ija n'kutulutsa sikuludiraiva yaitali ngati mkono. Anatifotokozera kuti injini yokalamba ikazizira ili ndi madandaulo amitundumitundu. Likamveka pamwamba, tye-tye-tye ngati makina osokera, ndi matapeti, ndipo munthu ukhoza kuyenda nawo zaka. Likamveka pakati, ngati chigubu chopanda kanthu, n'kumazilala pang'onopang'ono injini ikamafunda, ndi pisitoni yomwe yachepera m'nyumba yake. Koma likamveka pansi penipeni, lolemera, ndi mabeyaringi, tizitsulo tofewa tomwe timanyamula mtima wa injini.

"Ndipo tili ndi mpata umodzi wokha," anatero. "Ikangolandira oyilo itseka pakamwa mpaka mawa. Inu achimwene, yang'anani kanyali kofiira, kakazima mukweze dzanja. Mayi, yatsani, koma phazi lisakhudze moto."

Anakanikiza nsonga ya sikuludiraiva m'munsi mwa injini, chigwiriro n'kuchikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu lawo lakufa lija. Anati fupa limamva kuposa khutu. Ndinapotoza kiyi. GU! GU! GU! A Zuze anatsinzina, anasuntha chitsulo chawo pakati, pamwamba, n'kubwereranso pansi. Alufandika anakweza dzanja, ndipo phokoso linatha limodzi ndi kanyali.

"Lili pansi," anatero a Zuze.

Anaisiya injini ilire mpaka itafunda, kenaka anayamba kuzula nthambo za mapulagi imodziimodzi, akumvetsera. Anati ngati beyaringi ya pisitoni ina yatha, ukachotsa moto wa pisitoni imeneyo phokoso limasintha. Nthambo ina inawaluma magetsi mpaka anadumpha n'kutukwana m'Chisena, mayi n'kuseka kuchokera pakhonde. Pa nthambo yachitatu anakhalitsa. Anaibwezera, anaizulanso, anapukusa mutu.

"Pali kamawu. Mwina kalipo, mwina ndi mutu wanga. Achimwene, tamverani inu."

Alufandika anaika khutu pa chigwiriro, nkhope ili gwa ngati akumvetsera mvuu m'mabango. "Ine zonse zikumveka chimodzimodzi, bambo."

Anazimitsa injini n'kukhuthulira oyilo yense m'beseni. Ananyamula besenilo kupita nalo padzuwa, anapendeketsa, n'kumatakasa ndi chala. Tonse tinawerama. M'kati mwa kuda kuja munkaoneka tinthu tonyezimira, tating'ono ngati ta mumchenga wa mumtsinje. Kenaka anang'amba fyuluta yakale ndi tchizulo, anatambasula pepala la m'kati, n'kundionetsa timadontho tofiirira m'makwinya mwake.

"Izi ndi nyama ya mabeyaringi. Zikanakhala zazikulu ngati mamba a nsomba, ndikanakulandani kiyi. Koma ili ndi fumbi. Avulala, sanafe."

"Ifika ku Blantyre?"

"Kuchigwa kuno iyenda. Phiri la ku Chikwawa ndiye sindilonjeza. Ndikanama, mayi."

Ndinakhala pa njerwa, mutu uli m'manja. Minibasi sikanatheka, chifukwa mayi sakanatha kukhala tsonga. Kusaka galimoto ina yoti agonemo kukanatidyera tsiku, ndipo mwini wake wa phazi anali atanena kale za galimoto yomwe akwere. Ndinadzuka kuti ndikawafunse mayi, koma pakhonde panalibe munthu. Anali atauza msuweni kuti awanyamule, ndipo anali gone pa matiresi kumbuyo kwa pikapu, chitenje chili m'khosi.

"Ine ndakwera kale," anatero. "Leka kugopa. Tendeni, tizipita."

Alufandika anakwera kabaza wa faifi handiredi kukagula fyuluta ina ndi oyilo. Yoyamba imene anabwera nayo a Zuze anaisuzumira, anaipemerera mpweya, n'kumubweza nayo. Yachiwiri anailandira. Anaidzaza oyilo asanaimange kuti injini isayambenso youma. Titayatsa panalibe phokoso, ine n'kuwomba m'manja.

"Musaombe. Imeneyi si mboni, injini ndi yofunda. Mboni ndi mawa m'mawa. Tsono mverani. Ikagogoda yozizira n'kusiya, ndi ukalamba. Ikagogoda yotentha, makamaka pokwera phiri, kapena kanyali kofiira kakayaka mukuyenda, zimitsani pomwepo. Musati ndifike kaye pa mtengo uwo. Pomwepo. Pamtunda musaikakamize giya yaikulu, komanso musailiritse ngati ndege."

Tinanyamuka dzuwa litakwera ndithu. Mayi anali atamwa mapiritsi awo ndi masipuni ochepa a phala. Alufandika anakhala nawo kumbuyo atawagwirira ambulera, ine kutsogolo ndekha ndi kanyali kanga. Wailesi sindinatsegule. Ndinkayenda pang'onopang'ono moti a njinga zamoto onyamula mbuzi ankandipitirira n'kumatembenuka kuona ngati ndili bwino. Mwala uliwonse wogunda pansi pa galimoto unkandigunda pamtima. Pa Bangula mayi wa tiyi uja anakweza dzanja, ine osaima. Pa Ngabu ndinaona denga la nyumba yanga, benchi langa mumsika litaphimbidwa ndi lona, osaima. Ndinkaopa kuzimitsa injini, ngati kuti ndikaipumitsa ikumbukira matenda ake.

Pa Nchalo kunali utsi wa nzimbe zootchedwa, phulusa likugwa pa galasi ngati ntchentche zakufa. Odula nzimbe ankatuluka m'minda ali bii, zikwanje zili paphewa. Thirakitala yokoka ngolo ziwiri inanditsekera njira kwa nthawi, ndipo zitsulo zake zinkagogoda mokweza moti ndinachotsa phazi pamoto katatu konse, ndikuyesa ndi ine. Fungo la manyuchi a kufakitale linandikumbutsa malaya a amuna anga akamaweruka. Ndinayankhula nawo chamumtima. Ndinati ngati ndinu mukugogoda, dikirani kaye tifike.

Pa Dyeratu Alufandika anasuzumira pazenera. "Achemwali, sitigula kanthu? Masana apita."

"Tikadya tikakwera phiri."

Tinawoloka mlatho wa Shire. Pa Thabwa wapolisi anasuzumira kumbuyo, ananunkhiza, n'kukweza chotchinga osafunsa laisensi. "Fulumirani nawo, mayi." Ine ndinakweza magalasi onse awiri kuti mphepo isandisokoneze kumva injini, ndinalowetsa giya yachiwiri, n'kuyamba kukwera.

Amene simunakwerepo phiri limenelo, dziwani kuti msewu wake umapindika ngati njoka yomenyedwa. Kumanja thanthwe, kumanzere phompho, ndipo ukaba kuyang'ana pansi umaona chigwa chonse, Shire akung'anima, ndi mafupa a malole amene sanafike. Ogulitsa makala amatsika ndi njinga zawo atapondera nsapato pa tayala m'malo mwa buleki. Patsogolo panga panali lole ya simenti yokwawa, ikulavula utsi wakuda. Kuipitirira kukanafuna kuliritsa injini, kuitsatira kunkafuna giya yoyamba. Muvi wa kutentha unayamba kusendera m'mwamba. Thukuta linkayenderera m'msana. Ndinkapemphera Tikuoneni Mariya koma ndinkangobwereza mzere woyamba.

Tili pa khona lina lakuthwa, chinthu chija chinabwera.

GU! GU! GU! GU!

Cholimba kuposa pa doko paja, ndipo injini ili moto. Sindinaganize. Ndinakhotera m'mbali n'kupotoza kiyi. Galimoto inaima, kenaka inayamba kubwerera m'mbuyo, kulunjika kuphompho. Ndinaponda buleki ndi mphamvu zanga zonse, ndinakoka handibuleki mpaka kumapeto, n'kukankhira giya yoyamba. Inagwedezeka n'kuima. Ndinagwetsa mutu pa chiwongolero. Yanoka. Yanoka paphiri, mayi ali kumbuyo.

GU! GU! GU!

Ndinadzutsa mutu. Injini inali itazima, kiyi ali m'dzanja langa, koma kugogoda sikunasiye. Tsitsi linandiimirira. Kenaka ndinazindikira kuti sikukuchokera pansi. Kunkachokera pamwamba pa mutu wanga. Anali Alufandika, akumenya denga la galimoto ndi chibakera.

"Achemwali! Mayi! Mayi sakuyankha!"

Sindikumbuka mmene ndinatulukira. Mayi anali atatuwa, nkhope yonse thukuta, ndipo nditawagwira anali ozizira ngati mtsuko. Maso anali otsegula pang'ono, milomo ikugwedera, akutchula dzina la mchemwali wawo amene anamwalira kalekale. Alufandika ankangoti apita, apita. Mawu a namwino anandibwerera. Ndinang'amba chikwama cha ziwiya, ndinapeza pepala la shuga yemwe tinatengera tiyi wa kuchipatala, ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kuyamba kuwapaka shugayo m'kamwa, m'nkhama ndi m'masaya.

Abambo awiri a makala anali ataimika njinga zawo. Osafunsa kanthu, anathamanga kukatola miyala n'kuitsamiritsa kumatayala onse. Mmodzi anabwera ndi kabotolo kake ka madzi.

"Sungunulani umu, mayi. Koma asamwe asanadzuke, angatsamwe."

Ndinapitiriza kupaka. Malole ankadutsa akutiwomba ndi mphepo. Sindikudziwa kuti panapita nthawi yotani. Kenaka lilime la mayi linayamba kunyambita. Anameza. Maso anayendayenda n'kudzaima pa ine. Tinawadzutsa pang'ono, n'kuwamwetsa madzi a shuga aja pang'onopang'ono. Mayi wina wogulitsa nthochi pa khonapo anabwera ndi ziwiri zakupsa, anasenda yekha, n'kukana ndalama.

"Tafika?" anafunsa mayi.

"Tatsala pang'ono."

"Nanga taimiranji?"

Alufandika anakhala pansi m'mphepete mwa msewu n'kulira ngati mwana. Atapukuta misozi anandiyang'ana.

"Ndinayamba kukuitanani tikungochoka pa Thabwa paja. Ndakuwa, ndakuwa. Inu magalasi mwatseka."

Panatsala kuyatsanso galimoto pamtunda woterowo, itanyamula anthu, handibuleki yake yokalamba. A makala aja anati miyala aisiya mpaka nditasuntha, ndipo iwo akankha kumbuyo. Ndinalowa, ndinatsitsa magalasi onse mpaka pansi, n'kupotoza kiyi. Injini inalira bwinobwino. Kanyali kanazima nthawi yomweyo. Ndinamasula kilatchi pang'onopang'ono, fungo lake likundilowa m'mphuno, ndipo pikapu inachoka pa miyala ija n'kuyamba kukwera. Pagalasi ndinaona abambo awiri aja ataima pakati pa msewu, manja akuda ali m'mwamba. Mayina awo sindinawafunse.

Pakhona lililonse ndinkakuwa, "Ali bwanji?" ndipo Alufandika ankayankha, "Akudya nthochi!" Titafika pamwamba mphepo inasintha, kunayamba kuwaza kamvula ka chiperoni, ndipo muvi wa kutentha unabwerera pamalo pake. Tinalowa pachipata cha chipatala dzuwa lisanalowe. Anamwino anabwera ndi bedi la matayala, anayang'ana chikalata, anayang'ana phazi, n'kuthamanga nawo m'kati. Mlonda anandiuza kuti ndichotse galimoto pakhomo. Ndinamupempha kuti andipatse kanthawi kopuma, ndipo iye anandibweretsera mpando wake.

M'mawa mwake, pamalo oimika galimoto, ndinayesa mboni ija a Zuze ananena. Kuzizira kwa Blantyre kunali kolasa m'mafupa. Injini inagogoda kawiri, motsitsa, ngati mlendo waulemu, n'kusiya. Nditawaimbira foni, nditakuwa mokwanira, anati ndi momwe amayembekezera. Fyuluta inali itachira, koma mabeyaringi sadziphukira okha, ndipo ndisakwerenso phiri ndisanawasinthe. Ndinawasintha ndisanatsike kubwerera kuchigwa.

Ndinaphunzira zambiri za injini pa ulendo umenewo. Lero galimoto ikalira m'mawa mumsika, ndimatha kunena ngati ndi pamwamba, pakati kapena pansi, ndipo ndimadziwa kuti yoopsa ndi yogogoda itatentha. Koma chimene chimandidzidzimutsabe ndi china. Mantha ali ndi khutu limodzi, ndipo amalilozetsa komwe afuna. Ine ndinayenda chigwa chonse ndikumvetsera chitsulo, munthu amene ndinkamuthamangitsira kuchipatala ali kumbuyo kwanga ndi njala.

Mayi anawachita opaleshoni patapita masiku awiri. Adokotala anati tikanachedwanso pang'ono akanadula pabondo. Anachotsa zala ziwiri zakumapeto ndi kachigawo ka phazi. Atatsitsimuka, ine ndi Alufandika tili m'mbali mwa bedi, anayang'ana denga nthawi yaitali, akuopa kuyang'ana kumiyendo. Kenaka anandikoka dzanja.

"Felista, vundukula. Undiuze zoona."

Ndinavundukula bulangete. "Mwendo ulipo, mayi. Phazi liliponso."

"Chala chachikulu?"

"Chilipo."

Anachigwedeza m'kati mwa mabandeji, nkhope itakwinyika ndi ululu, n'kutembenukira kwa Alufandika.

"Ukafika kumudzi, ukawauze a kwa malume ako achotse khasu lawo m'dimba langa. Mwini wake akubwera."